Bantomu ndi Mkondo wa Mwala

Achimwene anga a Paison anapuma ntchito yauphunzitsi zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo mudzi wathu sunapumenso. Munthu wina akapuma ntchito amaweta nkhumba, wina amalowa komiti ya kutchalitchi, wina amangoyamba kumwa mwaulemu mpaka Mulungu amuitane. Athuwa ayi. Anakagula foni yaikulu ngati mbale, n'kumakhala pansi pa mtengo wa pichesi tsiku lonse kuonera azungu osavala malaya akuswa miyala m'nkhalango. Patatha mwezi anatiitanitsa tonse apabanja n'kutiuza kuti chimene chinawononga munthu wakuda ndi chitsulo.

"Chitsulo chake chiti?" ndinafunsa ine. "Khasu lomwe linakulipirirani sukulu lija?"

"Lufina, iwe sukulu unalekera panjira, ndiye uzimvetsera. Makolo athu ankadula mitengo ndi mwala, kusenda nyama ndi mwala, kupha njati ndi mwala. Analibe shuga, analibe bipi."

"Nanga Angoni aja anafika kuno ndi mikondo yadothi?"

"Angoni ndi adzulodzulo. Ine ndikunena kale lenileni, Akafula akadali m'mapiri muno."

Abale inu, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wakuti anaphunzitsa ana a anthu masamu kuchokera ku Nzama mpaka ku Mlangeni kuno, anayamba kupita kumtsinje m'mawa uliwonse ndi thumba la fetereza kukatola miyala. Ankasankha yoyera ija yonyezimira, ndi nsangalabwi imodzi yomenyera. Akafika pakhomo ankayala chikopa cha mbuzi pantchafu, mandala pamphuno, n'kuyamba gogogo, gogogo mpaka dzuwa kupendeka. Tizidutswa tinkauluka ponseponse. Nkhuku zinkatola tina kuyesa chimanga, ndipo pabwalo pawo sipankayendekanso wopanda nsapato. Zala zawo zonse khumi zinali m'mapulasitala, moti anamwino a kuchipatala anafika powauza kuti azigula okha kugolosale.

Pa miyala makumi awiri umodzi unkatuluka wooneka ngati tsamba la mango. Umenewo ankaulowetsa pansungwi yong'alula, n'kumata ndi utomoni wa paini, n'kukulunga luzi. Luzilo likauma linkakhwefuka, mwala n'kugwa. Ndiye ankatani? Ankayamba akulunga mphira ya chubu cha njinga mkati, luzi pamwamba kuti anthu asaone. Ine ndinawapezerera ndi maso angawa. Anandiuza kuti Akafula akanakhala ndi njinga nawonso akanatero.

Misala sisowa anzake. Posakhalitsa anapeza ophunzira awiri: a Redson, amene anawachotsa m'kwaya chifukwa choyambitsa nyimbo zawozawo pakati pa Misa, ndi a Obed, amene anakhala zaka khumi ku Joni akulondera geti n'kubwerako ndi jekete imodzi. Atatuwa anadzitcha Abwerera. Loweruka lililonse ankavala zikopa pamwamba pa makabudula, kutenga mauta, mivi yansonga zamwala ndi zibonga, n'kukwera phiri limene gwape womaliza anaoneka ine ndili namwali. A Redson ntchito yawo inali kujambula pafoni. Madzulo ankatsika ndi njiwa imodzi atanyamulizana ngati apha mkango, ndipo akazi a Obed anatiululira kuchitsime kuti njiwazo zinkafa ndi legeni.

Nkhwangwa yawo yamwala inatha masiku atatu pa bulugamu mmodzi, alamu anga akuphikira mapesi. Mpeni wamwala anauyesa pa tambala. Anacheka, kucheka, kucheka, mpaka tambala anatopa nazo, anadzuka n'kumapita, ndipo anakhalanso chaka chathunthu khosi lili chopendekera. Zonsezi ife tinkangoseka. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo anali asanaphwanye kanthu ka munthu.

Tsono ine ndinali ndi nkhani yanga yondisowetsa tulo. Mwana wanga Thokozile, mmodzi yekhayo amene bambo ake anandisiyira, ankagulitsa mbatata ya kachewere ku Sharpevale, ndipo kumeneko anakondana ndi Khalidi, mwana wa a Omari, Msilamu wa sitolo ya nsalu ndi ziwiya. Ine Mkatolika wobatizidwira ku Nzama, iwo anthu a kumzikiti. Zaka ziwiri tinakokana. Abale a mnyamata ankati sangakwatire kwa anthu odya nkhumba, abale anga ankati mwana wathu akamufunditsa nsalu mpaka m'maso. Thokozile anawonda ngati chitsotso. Amene anadula nkhani anali a Omari eni ake, munthu wamtali wosakonda kuyankhula zambiri. Anabwera kwathu, kukhala pampando, kulandira madzi okha, n'kunena kuti:

"Mayi, ana akondana, ife tisawatchingire. Pa chinkhoswe ndidzabwera ndi mtundu wanga wonse, ndipo tidzadya pakhomo panu pano, kuti amene akulankhula aja aone kuti takhala amodzi. Chimodzi chokha: nyama ndidzazinga ndekha."

Amene sanakhale ndi Asilamu mwina sangamvetse. Nyama imene sinazingidwe ndi Msilamu ili moyo, kapena yofa yokha, iwo amaitcha chibudu, ndipo saiyandikira ngakhale njala itavuta bwanji. Ndiye chinkhoswe chonse chinatsamira pamenepo. Akadya pakhomo panga, mwana wanga walowa m'banja lawo ngati munthu. Akapanda kudya, adzakhala mwana wa odya zonyansa mpaka imvi.

Ndinachita zonse. Nkhumba zanga ziwiri ndinakazisungitsa kutsidya kwa mtsinje, khola n'kuligumula, pamalopo n'kuthirapo phulusa. Ndinagula mapoto atsopano anayi osaphikidwamo kanthu. Ndipo ndinapereka Bantomu, ng'ombe yangolo imene malemu amuna anga anaisiya, yofiira yamawanga oyera, yofatsa kuposa anthu ambiri amene ndikuwadziwa. Inzake inafa kale, iyo inkangodya ndi kunenepa. Mtima unandipweteka, koma ndinati ipite, bola mwana wanga akhale pabwino.

Vuto linali limodzi. Malume a Thokozile, amenenso ndiwo ankhoswe ake, anali a Paison. Pamsonkhano wokonzekera anaimirira n'kukonza kukhosi.

"Pamwambo wathu, ng'ombe ya mwana wamkazi amailasa ndi malume ake. Ndipo ndasema kale mkondo wake."

"Mwambo wake uti? Mwautenga mufoni umenewo."

"Lufina, usandinyoze pagulu."

"Achimwene, ng'ombe adzazinga ndi a Omari. Mukaikhudza, ine ndi inu chibale chatha."

Tinakangana mpaka alamu anga analira. Pamapeto pake anagonja, kapena ndinene kuti anaoneka ngati agonja. Anati angopempha kanthu kamodzi: m'mawa wa tsikulo adzaime pafupi ndi Bantomu atavala chikopa, mkondo uli m'manja, a Redson ajambule, basi. Ndinavomera. Ine amene ndimadzitcha wochenjera, ndinavomera.

Tsiku linafika, Loweruka la mwezi wa Julaye, kukuzizira kolasa m'mafupa. A Omari anagona kwa mng'ono wawo pamsika wa Mlangeni ndipo anati afika seveni koloko ndi mpeni wawo, lole ya abale awo ibwera masana. Dzuwa litangotuluka ife amayi tinali kuseri kwa nyumba, ena akusenda mbatata, ena akusankha mpunga. Kenaka tinamva kulira kwa ng'ombe kumene sindinakumvepo chibadwire, kotsatana ndi kuthyoka kwa mitengo.

Ndinathamanga chitenje chili m'manja. Khola linali pululu, mbali imodzi itagwa. Achimwene anali chagada mundowe, miyendo m'mwamba, chikopa chitakwera mpaka m'khwapa, akufufuza mandala awo. A Redson anali chiimire akujambulabe. Bantomu inali ikutsetsereka m'munda wa mbatata, theka la nsungwi likugwedezeka m'nthiti mwake kuseri kwa mwendo wakutsogolo.

"Mwatani? Achimwene, mwatani?"

"A Redson anati chithunzi chikuoneka chakufa, ndingoyerekeza kulasa. Ndiye dzanja linangopita lokha, mlongo wanga. Ndi magazi a makolo amenewa."

Taonani tsoka langa. Pa miyala yonse imene bamboyu anaswa zaka zitatu, miyala imene inalephera tambala, inalephera njiwa, inalephera bulugamu, umodzi wokha umene unagwira ntchito yake unali umenewu. Ndinafuna kuwaponda pamimba, koma nthawi inalibe.

Tinaithamangira ng'ombe ija mudzi wonse, amayi ndi mipeni yosendera mbatata, abambo ena mswachi uli kukamwa. Inadutsa m'munda, kugwetsa mpanda wa dimba la kabichi, n'kukagwa kudambo pafupi ndi chitsime. Pamene ndinkafika, a Obed anali atafika kale, chibonga chili m'mwamba.

"Wachiwiri kumenya amatenga mwendo wakutsogolo!" anakuwa. "Ndi lamulo la uzimba limenelo!"

Ndinadziponya pamutu pa Bantomu. "Menyani ine! Menyani ine, mutenge mwendo wanga, mukadye ndi akazi anu!"

Anatsitsa chibonga. Ndinalanda foni m'manja mwa a Redson n'kuimbira a Omari. Ndinawauza zoona zokhazokha, kuti ng'ombe yalasidwa ndi wamisala wa m'banja mwathu.

"Ikupuma?" anafunsa.

"Ikupuma."

"Ngati ndiipeze ili moyo, ndiizinga ndipo idyeka. Musazule mkondowo. Ndikukwera njinga yamoto pompano."

Ndiye munayamba mwaonapo mudzi wonse ukudwazika ng'ombe? Anthu omwewo amene anagona akulota chiwindi chake anayamba kuipempherera moyo. Amayi awiri ankaikupiza ndi zitenje m'chisanu chimenecho. Wina ankaithira madzi pamphuno. A Hannah, mnzanga wa m'bungwe la amayi kutchalitchi, anagwada m'matope n'kuyamba kolona, ndipo ena ankayankha. Ine ndinali nditaika mutu wake pamiyendo panga ndikuinong'oneza. Ndinati Bantomu, unakoka ngolo ya amuna anga zaka khumi osadandaula, ndikokere mphindi makumi awiri zokha. Inkandiyang'ana ndi diso lake lalikulu, mpweya ukutuluka movutikira.

Achimwene anafika akutsimphina, ndowe mpaka m'makutu, koma nkhope ikuwala ngati apambana chisankho. Anazungulira ng'ombe ija manja kumbuyo, mmene ankayendera m'kalasi.

"Mwaona kulowa kwake? A Redson, jambulani apa. Pakati pa nthiti ziwiri, osakhudza fupa. Ndani ankati mwala sulasa?"

"Chokani pamenepo," ndinatero osakweza mawu, kuopa kudzidzimutsa wodwala.

"Nsungwi iyi ndiyo ikuibanikiza. Itachoka ipuma bwino."

"A Omari anena kuti tisazule. Chokani!"

Nthawi yomweyo wina anakuwa kuti kumsewu kukumveka njinga yamoto. Tonse tinatembenukira kumtunda, ine ndemwe. Pamene ndinkabweza maso, achimwene anali atagwira nsungwi ndi manja awiri, phazi limodzi pamimba pa ng'ombe. Ankafuna mwala wawo, abale. Ankaopa kuti osenda nyama adzautaya ndi matumbo, umboni wawo n'kusowa. Anakoka kamodzi. Magazi anatumphuka pabala, ena m'mphuno, kundinyowetsa chitenje chonse. Bantomu inatambasula miyendo, kunjenjemera pang'ono, n'kuti zii.

A Hannah anasiya kolona pakati. Kumtunda njinga ija inazima, ndipo tinaona mkanjo woyera ukutsika m'kanjira ka m'munda.

Apa ndiye pamene ndimafuna nkhaniyi ikanakhala ya achimwene okha. Ndinaganiza za Thokozile ali m'nyumba akumangidwa tsitsi. Ndinaganiza za zaka ziwiri zija, mapoto anayi aja, lole yodzaza anthu amene theka lawo ankabwera kudzaona ngati tilephere. Ndinatsitsa mutu wa ng'ombe pansi, kusunthira kumbuyo kwake, kukhala moyandikana ndi matako ake, n'kuyala chitenje changa mpaka kuphimba tsinde la mchira. Dzanja langa linalowa pansi pa chitenjecho. Ndinayang'ana anthu onse mmodzimmodzi, ndipo aliyense anamva chimene maso anga ankanena.

A Omari anafika akupuma mwamphamvu, mpeni wautali wokulunga m'nyuzipepala uli m'manja.

"Ikadalipo?"

Anthu anayang'ana pansi. Ndinayankha ndine.

"Ikadalipo, bambo. Yafooka chabe. Taonani mchira."

Mchira unagwedezeka. Unakwera, kugwa, kukweranso, ngati ukuingitsa ntchentche. Kunena zoona ndinaugwedeza bwino kwambiri, mwina kuposa mmene Bantomu inkaugwedezera ili moyo.

Sanachedwe. Anauza amuna anayi kuti aitembenuze mutu uloze kumene iwo amaloza popemphera, ine n'kumakwawa nayo limodzi osasiya malo anga. Anagwada, kutchula dzina la Mulungu, n'kudula kamodzi. Ine ndakhala ndikuona ng'ombe zikuzingidwa kuyambira ndili mwana. Magazi amathamanga ngati paipi yaphulika, miyendo imapalasa, amuna anayi amachita kulimbana nayo. Apa magazi anangotsika pang'onopang'ono, akuda, ndipo mwendo ngakhale umodzi sunasunthe.

A Omari anakhala chigwadire nthawi yaitali. Anayang'ana khosi lija, anayang'ana diso la ng'ombe, kenaka anayang'ana chitenje changa pamene panali potukuka. Dzanja langa linali likadali momwemo, ndipo sindinadziwe ngati ndilitulutse kapena ndilisiye. Anapukuta mpeni paudzu mbali zonse ziwiri, kuukulunganso m'nyuzipepala, n'kuimirira.

"Sendani," anatero. "Alendo anu asachedwe kudya."

Mtima unakhala m'malo. Ndinati ndapulumuka, bamboyu sanaone kanthu, kapena waona koma wasankha kutiphimba. Ndinakasamba, kuvala chitenje china, n'kuyamba kulamula amayi kukhitchini ngati palibe chachitika. Ndinafika mpaka poseka nawo za achimwene, amene anali atatsuka mwala wawo n'kumauonetsa kwa aliyense wolowa pachipata.

Lole inafika cha m'ma leveni, anthu makumi anayi, amayi atavala zoyera ndi zobiriwira, akuimba. Mwambo unayenda bwino lomwe. Anabweretsa atsikana ofunditsidwa nsalu kuti Khalidi asankhe wake, anthu anafupa, ankhoswe anapatsana nkhuku. Achimwene analankhula mphindi makumi atatu, ndipo za ukwati ananenapo mawu awiri okha, zotsalazo zinali za Akafula. Thokozile ankamwetulira mpaka ine misozi inalengeza.

Kenaka chakudya chinatuluka. Mpunga, mbatata yokazinga, kabichi, nyemba, ndi mabeseni a nyama yonona, mafuta ali nyezinyezi. Ndinanyamula ndekha beseni loyamba kupita nalo kumene kunakhala alendo, n'kugwada pamaso pa mayi Lukia, amayi ake a Khalidi. Anandimwetulira, kulandira beseni ndi manja awiri, n'kupatsira amene anali pambali pawo. Ameneyo anapatsira mnzake. Linayenda choncho mzere wonse wa amayi, kuwolokera kwa abambo, kudutsa a Omari, mpaka linabwerera m'manja mwanga lodzaza mmene linachokera. Palibe ananyinyirika, palibe anakwinya nkhope. Anadya mpunga ndi nyemba mwaulemu wonse, n'kusamba m'manja.

Mbali yathu ndiye kunali nkhondo. Abale anga, ataona kuti alendo sakudya, anagwera mabeseni aja ngati afisi. A Obed anapeza mwendo wawo uja popanda kumenya chibonga. Azakhali ena ankalongedza m'majumbo nyama ikadali yotentha, uku akunong'ona kuti mwaonatu, tinkanena ife, anthu awa ndi onyada. Ine ndinaima pakati pa bwalo ndi beseni langa, manyazi akundiotcha nkhope, ndikulakalaka nthaka itang'ambika.

Madzulo alendo akukwera lole, a Omari anabwera pamene ndinaima. Anayankhula motsitsa, kuti ena asamve.

"Mayi, ukwati ulipo, musade nkhawa. Ana sanalakwe kanthu."

"Zikomo, bambo. Pepani, mwina nyama ija sinapse bwino."

Anandiyang'ana, ndipo ndinazindikira kuti ndawonjeza bodza lachiwiri pamwamba pa loyamba.

"Kwa mng'ono wanga pa Mlangeni pali mbuzi zitatu," anatero. "Pamene munkandiimbira foni ndinamuuza kuti azimange, mwina ng'ombe sindiipeza ili moyo. Mukanangonena kuti yafa, njinga yomwe ija ikanakazitenga. Tikanadya tonse lero."

Anakwera kutsogolo kwa lole n'kutseka chitseko.

Ukwati unachitikadi. Thokozile ali ku Sharpevale, ali bwino, wanenepa, amagulitsa m'sitolo ya apongozi ake ndipo iwo amamukonda. Papita zaka zinayi. A Omari ndi mayi Lukia amabwera kuno pamaliro ndi pamatenda, amandipatsa moni wa manja awiri, amandibweretsera shuga ndi sopo. Koma pakhomo panga sanalawepo kanthu, ngakhale tiyi. Nthawi zonse amati angodya kumene.

Mwezi wathawu Thokozile anabwera ndi mdzukulu wanga Sofia, wa zaka zitatu, wamaso ngati a malemu agogo ake aamuna. Ndinachita kukaitana Msilamu wa pamsika kudzazinga nkhuku anthu akuona, ndinaiphika mu imodzi mwa mapoto aja, n'kumuikira mwanayo ntchafu m'kambale. Anaiyang'ana, kumeza malovu, n'kubisa manja kumbuyo.

"Agogo akwathu anati kuno tizidya nthochi zokha. Zosenda tokha."

Thokozile anayang'ana kumbali n'kutulutsa kakontena ka mpunga m'chikwama. Ndinamufunsa mwaukali kuti nanga bwanji apongozi ako kwa malume ako amadya? Chifukwa amadyadi. A Omari akabwera kuno amakakhala pansi pa pichesi paja, kuzinga nkhuku ya achimwene ndi mpeni wawo, alamu anga n'kuphika, iwo n'kumadya uku akumvetsera za Akafula ndi kuonetsedwa mwala uja, umene tsopano uli m'kabati yagalasi pamodzi ndi makapu a alendo. Munthu amene analasa ng'ombe, munthu amene anazula mkondo!

"Amayi, musandifunse ine," anatero Thokozile akumupatsa mwana supuni. "Apongozi anga amati amalume ndi opusa chabe. Chimene achita amanena okha."

Nkhuku ija ndinadya ndekha masiku awiri.